Foni Yochokera Kwathu

Amayi anga, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Ine kuno ku Cape Town ndilipo ndithu. Mphepo yake ndi yomwe ija ndinkakuuzani, yovula anthu maduku pamsewu. Ndikulukabe tsitsi pa saluni ija ya ku Bellville, pafupi ndi renki ya matakisi. Makasitomala amati dzanja langa silipweteka, ndipo ndimawauza kuti ndinaphunzirira pamutu pa mayi wina amene ankandigogoda ndi chipeso ndikakoka kwambiri.

Kwathu zinthu zikuyenda. Achimwene a Yohane akolola mtedza wambiri m'munda mwanu muja, ngakhale kudandaula sanasiye, mukuwadziwa. Alamu anga abereka mwana wamwamuna. Tadala wanga, amene munamulera kuyambira ali wakhanda, ali fomu 2 tsopano ndipo akukhala ndi iwowo.

Nkhani zonsezi ndazimva mochedwa, Amayi. Uthenga wa maliro anu unandipeza pafoni masana, ndili pakati poluka munthu, ndipo sindinathe kubwera ngakhale kudzaponya dothi. Kuyambira tsiku limenelo, ndikaona nambala ya kwathu mtima unkagunda ngati utuluka, manja n'kuchita thukuta, m'mutu mukungomveka kuti wina wamwalira. Ndinkaisiya foniyo ilire mpaka itope, kenako n'kulemba kameseji koti ndatanganidwa. Tadala anaimba, anaimbanso, mpaka anasiya. Achimwene ananditumizira mawu kuti mwanayo akuti mayi ake anamutaya. Zinandipweteka kwambiri, koma dzanja linkakanabe.

Mnzanga wa pa saluni, Mai Tendai, wobadwira ku Harare koma agogo ake a ku Dedza, ndi amene anandikokera kwa mlangizi wa pa kiliniki. Ndinkayembekezera mapiritsi. M'malo mwake mlangiziyo anandifunsa kuti pa mafoni onse amene ndinalandirapo kuchokera kwathu, a maliro anali angati. Ndinaseka misozi ili m'maso, chifukwa ambiri anali anu, ofunsa ngati ndadya, ngati ndavala juzi. Anati ganizo loopsa likabwera ndisamafulumire kuliyalira mphasa, ndizilifunsa kaye umboni. Apo ndinakuonani muli pakhonde, mukusenda chinangwa, munthu atabwera ndi miseche: "Mwaona ndi maso anu, kapena mwangomva?" Mukanakhala kuno, Amayi, bwenzi atakupatsani ofesi yanuyanu.

Tinayamba ndi zazing'ono. Mai Tendai ankandiimbira tili m'chipinda chimodzi, ine n'kukoka mpweya, kuutulutsa pang'onopang'ono, kenako n'kuyankha. Ankasintha mawu ngati nkhalamba kuti ndiseke. Pambuyo pake ndinayamba kumvetsera mauthenga ochokera kwathu tsiku lomwelo, osadikira mawa. Masiku ena ndinkalephera, n'kukwiya ndekha. Koma paja inu munkati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo m'mawa mwake ndinkayesanso.

Loweruka lapitali ndili mu takisi yobwerera ku Philippi kumene ndimakhala, foni inalira. Nambala ya achimwene. Ganizo lija linafika msanga, nalo silichedwa. Ndinalifunsa chimene laona, ndipo linalibe umboni. Mtima ukugundabe choncho, ndinadina.

Anamveka mawu a Tadala, okhwima kuposa mmene ndinawasiyira.

"Amama? Ndimayesa simuyankha. Ndayiwala zimene ndimafuna kunena."

Ndinamuuza kuti asadule, ndidikira mpaka akumbukire. Tinakhala choncho, iye akupuma uko, ine kuno, mpaka ndinapitirira pamalo potsikira.

Sindinachiriretu, Amayi. Foni ikalira mtima umadumphabe, ndipo ndakusowani kwambiri. Koma ndikukulonjezani kuti mdzukulu wanu akaimba ndiziyankha, ngakhale mantha alipo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati