Nyali m'thumba la apongozi

Lachitatu, 2 Juni 1993

Mantha ndi amodzi: nyali ya zipani zambiri ikapambana pa referendamu, asilikali sadzalanda boma? Ajira, mnansi wanga, wabwera nawo mawuwo kuchokera ku Namwera. Othawa nkhondo a ku Mozambiki akuti, "Zipani zambiri, mfuti zambiri." Ndamufotokozera pang'onopang'ono kuti nkhondo yawo inabuka chipani chili chimodzi. Wamva.

Miyezi khumi ndi inayi apolisi chimutengereni Basil, mwamuna wanga. Anamupeza ndi kalata ya mabishopu m'chikwama, basi. Kukhoti ayi. Tsiku lotuluka ayi. Akuti nyali ikapambana akaidi a ndale adzamasulidwa. Akuti.

Lamulungu, 6 Juni

Titatuluka m'tchalitchi ndinasonkhanitsa amayi kuseri kwa sukulu yathu. Ndinadula makatoni awiri. Pena ndinajambula tambala wakuda wa chipani chimodzi, pena nyali ya zipani zambiri. Ndinabwereza katatu: akupatsani mapepala awiri ndi envelopu. Limene mukulifuna liikeni mu envelopu, muponye m'bokosi la mavoti. Linalo mutaye m'bokosi la zotaya.

Apongozi anga aYakobo, bambo ake a Basil, anali chapatali, akusoka ukonde. Ndinawaitana. Iwo: "Aphunzitsi, nyali ndayatsa zaka makumi anayi pokopa usipa. Mundiphunzitse lero?" Amayi anafa nacho chiseko. Ndinawasiya.

Lachinayi, 10 Juni

Malole awiri a asilikali adutsa pamlatho, kulowera kummawa. Msika wonse zii. Ajira: "Wallahi, ndikulumbira, ndi zija ndimanena." Mwina akupita kumalire basi. Mwina.

Sopo watha. Keti, mwana wathu, waguluka mano awiri akutsogolo. Wandifunsa ngati abambo ake adzamuzindikira.

Lolemba, 14 Juni

Ndavota. Mzere unafika mpaka pamjigo. Inki pachala, mtima m'malo kwa nthawi yoyamba.

Masana apongozi anandiitanira pakhonde, nkhope ili mwee. Anapisa m'thumba la jekete. Kapepala. Nyali.

"Tambala uja ndamutsekera mu envelopu, ndamuponya m'bokosi. Akalire m'menemo! Nyali ndi yathu, ndikanaisiyira anthu achilendo? Ndasungira Basil."

Avotera chipani chimene chinatsekera mwana wawo.

Ndinayenera kudziwa. Msodzi sataya nyali. Chabwino amasunga, choipa ndiye amaponya. Nanga ndi angati achita chomwechi? Ku Nkhudzi, gombe lonseli, mpaka ku Katuli? Mayi Hana, amene ankangovomera ndi mutu ndikuphunzitsa kuseri kwa sukulu, anamvadi? Ndikanawagwira dzanja apongozi tsiku lija. Ndinaopa chiseko. Ine Mabel, mphunzitsi wa Sitandade 8.

Sindinawauze.

Lachitatu, 16 Juni

Nyali yapambana. Dzulo sindinadye, sindinalembe. Lero anthu akuvina mumsewu, zala ziwiri m'mwamba. Ajira wavina mpaka mpango kugwa.

Apongozi: "Mwaona, aphunzitsi? Tambala ndinamugwira ndine."

Ndinayankha kuti munamugwiradi, bambo. Bodza langa loyamba kwa iwo.

Basil palibe.

Lachinayi, 24 Juni

Wailesi ya kunja: ku Nigeria asilikali afafaniza chisankho chonse. Anthu anaima pamzere ngati ife, masiku awiri ife tisanavote. Ndazimitsa. Ana a sukulu ndimawaphunzitsa kuti voti ndi mawu a munthu. Nanga wogwira mfuti akatseka makutu?

Kunonso akuti akhululukira akaidi a ndale. Maina sakutchula. Basil wamoyo? Sindikudziwa. Ndalemba mawu amenewa koyamba. Sindikudziwa ngati ali moyo.

Apongozi amatulutsa kapepala kaja m'mawa uliwonse, kukawongola pabondo, kukabwezera. Kayamba kuda.

Loweruka, 26 Juni

Ajira wabwera wefuwefu. Basi ya ku Zomba yatsitsa amuna kuboma, owonda, ometedwa mipala. Asanu, mwina asanu ndi mmodzi. Sanawaone nkhope.

Apongozi avala kale jekete. Dzanja lili pathumba. Aima panja, akundiitana: "Aphunzitsi, tiyeni, akaione nyali yake."

Ine ndidakali kulemba. Basil akapanda kukhalapo ndidzawafotokozera chiyani?

Yesa, Mabel. Ika cholembera pansi. Kaone wekha.