Mbewu ya Amayi Yapsera Limodzi ndi Denga

Okondedwa Mayi aang'ono,

Pepani kuti ndakuvutitsani ndi kalatayi. Kaya muli bwanji ku Karongako? Kuno ku Nsaru tili bwino, kungoti abambo akudandaula mwendo.

Khitchini ya malemu amayi ija takonza. Pansi taika simenti, pamwamba tafolera malata. Tsiku losasula denga lakale ine ndinali kuchigayo. Amisiri anaunjika udzu wonse n'kuutentha, osadziwa kuti kudengako kunali chimanga chambewu chimene amayi ankamangirira pautsi kuti chisafumbwe. Nditawafunsa anati, "Chakuda ndi mwaye chija? Timayesa ndi zinyalala, achemwali. Mbewu ili mbwee m'sitolo, eti?" Ndinachita manyazi.

Khitchiniyo yakongola ndithu, mvula sidzazimitsanso moto. Koma chimanga cham'sitolo chimaphwanyika pokonola, ndipo phala lake abambo amalisiya m'mbale. Ndikanadziwa, ndikanapita kuchigayo tsiku lina.

Kodi mbewu ija amayi anakupatsani mutabwera kudzawazonda, mukudzalabe? Ngakhale ngala imodzi yokha indikwanira.

Mulungu akusungeni pamodzi ndi ana. Chonde mundiyankhe msanga, chizimalupsa chagwa kale.

Ine mwana wanu,
Esinati