Chimphepo Abwerere Kwawo Lisanafike Lachinayi

Gulu: Banja la a Dancho

LOLEMBA

Tsveta 09:12
ababa musakwiye. makina akale oyamwa fumbi aja ndapereka kwa a Ganchev, aphunzitsi opuma aja. akuonetsa mbiri ya makinawa ku holo ya mudzi

Tsveta 09:13
ndakugulirani atsopano, kozungulira koyenda kokha. inu kumangokhala pa mpando

Tsveta 10:40
ababa?

Lyuben 10:52
iwe Tsveta wapereka Chimphepo?? sabata ya Pasaka?

Tsveta 10:53
achimwene ndi za 1978 izi. zimalira ngati thirakitala kkk

Lyuben 10:55
unachoka pakhomo uli mwana, waiwala. payipi ukaiika kumbuyo amapemerera mphepo. umalumikiza botolo la laimu nkupopera denga la khitchini

Lyuben 10:56
chaka chilichonse ababa pamakwerero, amama pansi atawagwirira. ino ndi Pasaka yoyamba opanda amama

Tsveta 10:58
mayo ine

Ababa 13:20
[uthenga wa mawu 0:11] Kanthu kakoka kakungogunda miyendo ya tebulo ngati kaledzera. Kudenga kakwera liti? Pasaka mukadye kwanu komweko. Sindilandira ana m'khitchini yakuda.

Tsveta 13:21
pepani ababa

Tsveta 13:40
ndaimba kanayi, yankhani plz

LACHIWIRI

Lyuben 08:05
denga liyere pofika Lachinayi. Lachisanu Loyera ababa sagwira ntchito ngakhale uwagwadire

Tsveta 08:06
ndili mu basi kale, wa kwa a Ganchev

Tsveta 11:31
[chithunzi]

Tsveta 11:32
taonani Chimphepo. ali pakati pa chopopa ndi manja cha 1910 ndi china chooneka ngati mbiya. amupukuta mpaka akuwala

Lyuben 11:33
botolo lilipo?

Tsveta 11:35
lilipo. a Ganchev alemba kapepala kt "ntchito yake sikudziwika." aikamo maluwa

Lyuben 11:35
MALUWA kkkkk ababa akaona afa

Ababa 11:49
[uthenga wa mawu 0:09] Maluwa? Munthu waphunzitsa ana zaka makumi atatu, botolo la laimu nkuikamo maluwa? Zamanyazi!

Lyuben 11:50
ohoo, kani mumawerenga

Tsveta 12:14
a Ganchev akuti tikhoza kutenga lero. koma akupempha, Pasaka ikatha ababa mudzaonetse anthu mmene amapoperera. khoma la holo ndi lakuda, ana a sukulu adzabwera

Tsveta 12:15
akuti afunsa mudzi wonse, wotsala wodziwa ndinu nokha

Tsveta 14:02
ndanyamula. akulemera ngati mwana wa ng'ombe. dalaivala wafunsa ngati ndi bomba

Tsveta 17:45
ababa ndibwere nawo mawa? olo ndingosiya pakhomo ngati simukufuna kundiona

LACHITATU

Lyuben 06:58
akuyankha?

Tsveta 06:59
ayi. sindinagone achimwene

Ababa 07:26
[uthenga wa mawu 0:14] Laimu ndasungunula dzulo, ndamusefa kawiri ndi sokosi yakale ya mayi ako kuti asatseke kabowo kopoperako. Ganchev umuuze adzakhale kutsogolo ndi kope. Koma makwerero aja amagwedera, Tsveta. Ndekha sindikwera.

Tsveta 07:27
ndigwira ine ababa

Tsveta 07:27
sindidziwa kagwiridwe kake koma mundiuza

Ababa 07:41
laimu amadonthera mtsitsi. mpango wa mayi ako ndakuikira pa mpando