Mbuzi Yotsiriza ya Timu

Lachitatu madzulo. Kwatentha tsiku lonse, mtima wanganso sunakhazikike.

Lero komiti ya timu yathu ya mpira wamanja inakumana pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa tchalitchi. Ligi ya m'boma muno ikufuna ndalama yolembetsera pofika Loweruka, koma m'thumba mulibe kanthu.

Chuma cha timuyi sichinalowepo ku banki, chimagona m'khola langa. Tinayamba ndi mbuzi ziwiri zomwe amayi ogulitsa nsomba kuno kwa Mbenje anasonkha. Zinaswana mpaka khola kudzaza, chaka chomwe atsikana anakasewera ku Chikwawa atavala yunifolomu yatsopano. Kenako madzi osefukira anakokolola zisanu. Zina tinagulitsa imodziimodzi: ya ulendo, ya mipira, ya kuchipatala pomwe kaputeni wathu Esita anathyoka mwendo. Yatsala imodzi, yaikazi, ili ndi bere.

A Fombe, apampando athu, anati, "Mayi msungichuma, tigulitse basi. Ana akapanda kusewera chaka chino abalalika, ena akwatiwa."

Ine ndinati, "Tikagulitsa iyi, chaka chamawa tidzagulitsa chiyani, bambo? Khola?"

Palibe anaseka. Andipatsa mpaka mawa.

Pofika pakhomo ndinapeza Esita akuyidyetsa mbuzi ija masamba a mbatata. Za msonkhano sanafunse. Anangoti, "Mayi, iswa liti?"

Iswa mwezi wamawa, pomwe ligi ikuyamba sabata yamawa. A Fombe aitana kale wogula wa ku Bangula, afika mmamawa ndi njinga yake. Chingwe chomangira mbuzi ndachibisa pansi pa mphasa. Kaya ndikawauza chiyani.