Mbava ya Batire Langa

Lolemba, 4 Juni

Galimoto yakananso kulira. Tsiku lachisanu ndi chimodzi. Ndikapotoza kiyi, ke-ke-ke, basi. Batire ndi latsopano, la mwezi watha. Madzulo ndimaiimika ili bwinobwino, kukacha yafa.

Ndimayenera kukwiya. Makeke atatu a kusitolo afika mochedwa. Koma ndikungoseka ndekha kukhitchini ngati mutu sukuyenda bwino.

Chifukwa chake a Chipewa. Aneba atsopano, a nyumba ya geti lobiriwira. Dzinali ndawapatsa ndine, poti chipewa savula ngakhale atawerama m'boneti. Akangomva ke-ke-ke wanga amatulutsa galimoto yawo, kuiyandikiza kwa yanga, mawaya awiri paphewa, wofiira ndi wakuda. Tsiku loyamba anachita kufufuza okha sipanala m'buti mwanga, kuti amange mitu ya batire. Pano zonse akuzidziwa malo ake. "Lizani, mayi." Ine kuliza, iyo vuu! Kenako tiyi pakhonde, akuti injini iyambe yadyetsa batire. Mphindi makumi awiri. Lero makumi anayi.

Zaka makumi asanu ndi zitatu ine. Wamasiye zaka zisanu ndi ziwiri. Ndadzola mafuta onunkhira kuti ndikalize galimoto. Manyazi bwanji!

Lachitatu, 6 Juni

Tiyi wa a Chipewa: shuga masupuni awiri, mkaka ayi. Akazi awo anamwalira kale, ana ali kutali. Anali a zamagetsi pafakitale ya nsalu mpaka kupuma ntchito. Ndawafunsa chimene chikudya batire langa. Akanda pansi pa chipewa. "Magetsi a galimoto ndi ena, mayi, ine ndinazolowera a m'nyumba."

Ndawapatsa keke, ndati yapserera m'mbali, siingagulike. Bodza lenileni. Ndinaphikira iwo.

Mwana wanga pafoni: "Amayi, chigalimoto chimenecho chikuthamangitsani magazi." Magazi akuthamangadi, koma chifukwa chake sakuchidziwa. Wauza amalume ake, achimwene anga amakaniko, kuti abwere Loweruka.

Ikakonzeka, a Chipewa azidzatani pakhomo pano? Nkhawa yanga ndi imeneyo basi.

Loweruka, 9 Juni

Achimwene abwera ndi ovololo yawo ya girizi. Ayeza apa, ayeza apo. Batire lilibe mlandu. "Chemwali, m'galimotomu muli mbava. Ikumwa moto inu mutazimitsa zonse."

Andionetsa kagwiridwe kake. Kumasula waya wakuda pabatire. Pakati pa wayayo ndi mutu wa batire, kulumikizapo kababu koyesera. Kiyi kunja, zitseko zotseka. Kababu kakayaka ndiye kuti china chake chikukoka moto mobisa. Kayaka! Ndakuwa mpaka galu wa kuseri wayankha.

Chotsatira, kuzula mafyuzi imodziimodzi mpaka kababu kazime. Asanazule ngakhale imodzi, foni. Lole ya kasitomala wawo yafera pamsewu. Andisiyira kababu ndi kopanira kapulasitiki. "Keke ya nsanjika zinayi mumaimika inu, fyuzi ingakukanikeni?"

Potuluka aona makapu awiri pakhonde. Angotsokomola. Achimwene akatsokomola chonchi, alamu anga amakhala atamva dzuwa lisanalowe.

Lamulungu, 10 Juni

Sindinazule kanthu. Ndati dzuwa lachuluka. Kenako ndati msana. Msana uli bwinobwino.

Lolemba, 11 Juni

Tiyi, ola lathunthu. Andiseketsa mpaka kutsamwa.

Atachoka ndayamba kudzifunsa. Mayi wamkulu ngati ine, kusunga munthu ndi batire lakufa! Amabwerera galimoto kapena ine? Ndikuopa kudziwa, komanso ndikufuna kudziwa. Mawa ndizula.

Lachiwiri, 12 Juni

Ndaigwira! Ndekha!

Masana, nditabwera kokasiya makeke. Boneti m'mwamba, magalasi pamphuno, epuloni ili ufa wokhawokha. Fyuzi yoyamba, kababu kakuyakabe. Kubwezera. Yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu yandipulumuka, ndaisaka chokwawa pansi pa galimoto. Yachisanu ndi chinayi: zii! Ndavina pomwepo, kopanira kali m'manja. Mayi wodutsa ndi dengu anaima kundiyang'ana.

Pachivundikiro cha mafyuzi, pamalo a imeneyo, pajambulidwa kanyale. Nyale za m'kati. Koma ya kudenga ndi yozima. Yatsala ya m'buti. Nanga munthu angadziwe bwanji ngati imazima ukatseka? Ndilowemo ine, ndi thupi ili? Angandipeze mawa.

Nzeru zabwera. Fyuzi m'malo mwake, foni m'buti ikujambula, ndatseka, ndawerenga mpaka khumi. Kutsegula, kuonera. M'buti muli ngwee! Kababu kochepa ngati nyemba, kuyakira matayala ndi mathireyi usana ndi usiku. Kabatani kamene chitseko cha buti chimadina kuti nyale izime kanathyoka, pangotsala kachitsa. Ndakumbuka. Chitsulo choikapo keke ya ukwati, mwezi watha, ndinachikankhira mokakamiza ndikuthamangira nthawi. Mbava ndinailowetsa ndekha.

Ndazula kababu. Kanali kotentha. Kali m'thumba la epuloni.

Ndaimbira achimwene kudzitama. "Ndikulembani ntchito, chemwali." Chimwemwe chatha nditangodula foni. Mawa galimoto ilira.

Lachitatu, 13 Juni

Kiyi kamodzi kokha, vuu! Dzanja linathamangira kuti lizimitse asanamve. Ndinalibweza. Ndinaisiya ilire.

Geti lobiriwira silinatseguke.

Kapu inayo ndaibwezera m'kabati. Makeke afika nthawi yake, mwini sitolo wandiyamikira. Ndinafuna kumumenya ndi thireyi.

Lachinayi, 14 Juni

Yaliranso. Geti lili chitsekere.

Kababu ndakatulutsa m'thumba kawiri. Kukabwezera m'buti ndi mphindi imodzi yokha, mawa ke-ke-ke, mawaya paphewa. Ayi. Ndine munthu wamkulu.

Ndathira mchere m'malo mwa shuga. Keke yonse kwa nkhuku za eni ake.

Lachisanu, 15 Juni

Ndikulemba mothamanga.

Sikisi koloko, kiyi ndisanamugwire n'komwe, odi pakhonde. A Chipewa. Paphewa palibe mawaya. Chipewa chili m'manja! Kadazi kosalala bwino, aka n'koyamba kukaona.

Atambasula chikhatho. Kabatani kakuda, kothyoka. Kanga ka m'buti. Anakatola tsiku loyamba lomwe lija, pofufuza sipanala. "Ndinadziwa pomwepo, mayi. Zaka makumi atatu ndili pa magetsi. Masiku awiriwa ndimasaka chonamizira china, chasowa, ndiye ndangobwera."

A magetsi a m'nyumba! Munthu wabodza ameneyu! Masabata awiri akundionerera ndikupotoza kiyi, makeke akuchedwa, iwo kabatani kali m'thumba. Ndinafuna kukalipa. M'malo mwake ndaseka mpaka kukhala pansi pasitepe. Ndapisa m'epuloni, ndatulutsa kababu, ndakaika pachikhatho pawo pambali pa kabatani. Ndawauzanso za keke yosapserera ija. Ati anadziwa.

Akuti batire lavutika nthawi yaitali, likufunika ulendo wautali kuti lidzadze bwino. Woyendetsa ndine, iwo angokhala pambali. Mwina nalonso ndi bodza. Sindifunsa achimwene.

Ndawanamiza kuti ndikukasintha nsapato, koma ndadzalemba izi. Ketulo ikuwira, makapu awiri ndatulutsa kale. Akuitana. Nsapato inayo ili kuti?