Mtima wa Bambo Ukuthamanga

12 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine m'thupi ndilibe vuto, koma ndatopa nawo bambo anu. Ndikuti bambo anu dala, chifukwa mawu amene amalowa m'khutu mwawo ndi anu okha.

Mtima wawo wayamba kuthamanga. Poyamba ndinkati ndi masitepe okwerera kushopu yawo yometera aja, pajatu aliyense akakwera pamenepo mtima umagunda. Koma tsopano umawayamba ali chikhalire, akudikira makasitomala. Thukuta limangoti kamukamu, mtsempha wa pakhosi ukudumpha moti ndimauona ndili pakhomo. Ndikafunsa amati, "Ndi kutenthaku, iwe. Tsegula windo."

Lachiwiri akumeta ndevu aphunzitsi opuma aja, kasitomala wawo wakalekale, bambo anamva chizungulire lezala lili m'manja. Anakhala pansi pomwepo, pa tsitsi losasesa, ali wefuwefu. Aphunzitsiwo ndi amene anathamanga kudzanditenga kusaluni kwanga, thovu lili kumaso.

Ndinawakokera kuchipatala. Pomwe timalowa kwa dokotala n'kuti mtima utakhazikika, ndipo bambo anayamba ulemu wawo uja: "Pepani adokotala takutayitsani nthawi, mwanayu ndi wamantha." Ndinachita kuwadula pakamwa, koyamba chibadwire, n'kufotokoza ndekha. Mpaka lero sanandikhululukire.

Dokotalayo, mayi wofatsa, anati zothamangitsa mtima n'zambiri: kutentha thupi, nkhawa, kuchepa kwa magazi kapena madzi m'thupi, mankhwala ena a chimfine, vuto la chithokomiro, ngakhale khofi. Zina n'zongodutsa. Koma ukamathamanga munthu atangokhala, n'kumabanika, kumva kupweteka pachifuwa kapena kufuna kukomoka, pamenepo si poti n'kudikira mawa. Anawauza kuti abwerenso adzawayeze magazi ndi kuwaika mawaya oyezera mtima pachifuwa, ndipo pakadali pano khofi asiye.

Apa ndi pomwe ndakhala ndikuzengereza kulemba, achemwali. Khofi wake ndi uja mumatumiza inuyo. Sindikukuimbani mlandu, dokotala sananene kuti gwero ndi limenelo. Koma bambo amamwa khofiyo kuyambira potsegula shopu mpaka potseka, wakuda bii, m'mimba mulibe kanthu. Chitini amachiika patsogolo pa galasi kuti aliyense wometedwa afunse, iwo ayankhe kuti, "Wanditumizira mwana wanga woyamba." Nditachibisa anafunafuna shopu yonse, kenako anandiloza chala: "Mphatso ya mwana wanga ingandiphe ine? Iwe ndi nsanje basi." Zinandiwawa kwambiri. Ine wowachapira matawulo tsiku ndi tsiku ndasanduka wansanje, pomwe inu mukaimba foni kamodzi amamwetulira sabata yonse.

Tsiku lokayezedwa litafika anakana, ati mitu ya anthu singadikire. Komanso inu mukaimba amakhala tsonga, mawu amphamvu ngati mnyamata, ndiye mumawauza kuti, "Muzipumako bambo, ndi kutopa chabe." Mawu amenewo ndi omwe amanditsekera nawo pakamwa: "Wamva? Mkulu wako wati ndi kutopa."

Choncho sindikupempha zambiri. Khofi musatumizenso. Imbani, ndipo musawafunse ngati ali bwino, yankho lake mukulidziwa kale. Muwauze apite kuchipatala sabata ino, muwauze ndi mawu aja mumakalipira nawo ana anu. Akatsutsa, lirani. Ine ndinalirapo, anangondipatsa thawulo, koma misozi yanu amaiopa.

Ana akupereka moni kwa mayi awo aakulu. Aphunzitsi aja tsopano ndevu akumeta okha kunyumba, komabe m'mawa uliwonse amabwera kudzakhala pabenchi, ati kudzacheza, koma maso ali pa mnzawo. Bambonso atamva kuti ndikukulemberani anati ndikuuzeni kuti ali bwino kwambiri, musade nkhawa. Ndakuuzani monga andituma. Koma mawu ochepa amenewo sanawamalize ndi mpweya umodzi, anachita kuima pakati, dzanja litagwira mpando.

Ine mng'ono wanu.