Galu wa a Mukhova ndi simenti ya chiliza

Amayi, kumene muliko kukucha bwanji? Ife kuno tilipo, kungoti thupi langa chaka chino lakana. Ndikadzuka m'mawa msana umakhala ngati ndachezera kulima. Fodya tinamaliza kusankha, mabelo anapita, koma mtengo wake simungafune kuumva. Mtedza ndiye unayesetsako kumunda wa kudambo kuja. Mpongozi wanu, mkazi wa achimwene a Lufeyo, anachira kwa mwana wamkazi, wamphuno ngati yanu, ndipo amalira ngati wabwera ndi mlandu. Denga la khitchini likudonthabe pamalo pomwe paja.

Koma nkhani imene yandikhazika pansi lero ndi ya galu. Musaseke.

Mukukumbukira banja la matenanti la ku Phalombe, limene linabwera pa esiteti ya kutsidya kwa dambo chaka chimene munayamba kudwala? Aginesi, mwamuna wake Yohane, ndi bambo ake a Aginesi, a Mukhova, osaona aja. Munawapatsa kagalu kamodzi mwa ana a galu wathu, mukunena kuti mlendo wopanda galu amagona khutu limodzi lili panja. Anakatcha Tapirira. Kagalu kaja kanakula, Amayi, ndipo popanda womuphunzitsa anasanduka maso a nkhalambayo. Amamumanga chingwe m'khosi, a Mukhova n'kugwira mbali inayo, basi ulendo wa kumjigo, wa kutchalitchi, wa kuchigafa kumene amasoka fodya mongopapasa. Pamaliro anu anabwera choncho, galu patsogolo.

Nthawi ya mvula Tapirira ankagona m'chigafa monyowa, pansi pa fodya. Zinayamba ndi kachilonda pamphuno. Kenaka ubweya unayamba kusosoka, zilonda zinafalikira kumiyendo zikuchucha mafinya, anayamba kutsokomola ngati munthu, diso limodzi n'kuyera. Anamupaka oyilo wakuda, phulusa, masamba a nimu, koma osaphula kanthu. Galuyo atalephera kuyenda, a Mukhova nawonso anakhala pansi. Aginesi sakanatha kuwatsogolera, poti tenanti akachoka pamunda kapitawo amamuona. Nkhalamba ija inangokhala pakhonde dzuwa kutuluka mpaka kulowa, miyendo n'kuyamba kutupa, chakudya akungochigwiragwira. Kapitawo ananena kuti galuyo aphedwe asanapatsire ana.

Ine ndinapitako tsiku lina ndi timbatata, osadziwa kuti zafika pamenepo. Ndinawapeza a Mukhova atakhala pamkeka, dzanja lili pamsana pa galuyo, pamalo pokhapo pamene panatsala ubweya. Atandizindikira mawu anati, "Mwana wa NaPhiri, akamupha uyu mundipezeretu ya basi, ndikafere kwathu." Sananene mokwiya ayi. Ananena ngati akupempha madzi akumwa.

Mlangizi wa ziweto wa ku Mtunthama atamuona anati si mphere, tipite naye ku Boma. Minibasi inatikana chifukwa cha fungo, ndiye tinamuika m'dengu, tinamufunditsa chitenje, n'kukwera kabaza, Aginesi njinga ina ine ina. Mukuudziwa msewu umene uja. Ndinafika chiuno chitauma gwa. Dokotala wa ziweto anali mtsikana wamng'ono, wofatsa. Anapala pachilonda, anakayang'ana pamakina, n'kutiuza kuti ndi chuku, mtundu wina wa chimene chimawoletsa fodya, koma ichi chimakhala m'dothi lonyowa, chimalowera pachilonda kapena m'mphuno, ndipo mwa Tapirira chinali chitalowa kale m'kati. Anati akhoza kuchira, koma ayenera kumwa mankhwala tsiku lililonse kwa miyezi ingapo osadumphitsa, ndipo mankhwalawo amachita kuitanitsa ku Lilongwe. Atatchula mtengo wake, Aginesi anaseka. Kuseka kuja kwa munthu amene wauzidwa kuti akatunge madzi ndi lichero. Inu mukudziwa kuti tenanti amaona ndalama kamodzi pachaka, atamudula kale za chimanga ndi feteleza.

Tsopano, Amayi, pano ndiye pofunika mundimvetsere. Ine ndi achimwene tinali titagula simenti yoti timangire chiliza chanu chilimwe chino. Matumba anali m'chipinda chanu chija. Ndinapita kwa achimwene kukawauza kuti ndikufuna kugulitsa matumba amene ndinagula ine. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amayi agonebe padothi chifukwa cha galu wa anthu obwera?" Nawonso sanali kulakwa. Iwo ndi amene anakunyamulani pangolo kupita nanu kuchipatala, ndipo akapita kumanda n'kuona mtumbira wanu ukutitimira amabwerako osalankhula. Ndinangowauza kuti nkhani si galu yekha, pali munthu pakhonde. Anati munthuyo ali ndi ana ake. Ndinagulitsa ndithu.

Chimene chinkandizungulira m'mutu ndi mawu anu aja. Pamaliro aliwonse, azimayi akatanganidwa ndi mapoto akuluakulu ana akulira njala kuseri, inu mumati, "Maliro sathawa, yambani mwadyetsa ana." Koma sindikudziwa ngati mukananena chimodzimodzi za manda anu omwe. Mwina mukanandikalipira. Munali ndi masiku anu inunso.

Simenti yokha sinakwanire. Yohane anagulitsa wailesi yake n'kuyamba ganyu youmba njerwa akaweruka ku esiteti. Ine ndinakanena kwa amayi anzathu a kumpingo. Poyamba anaseka mpaka ena kupukuta misozi, wina n'kufunsa ngati galuyo ndi wobatizidwa. Koma kutacha a NaBanda, anzanu aja munkaimba nawo, anabwera ndi nkhuku pansi pa mkono, akuti amasowa mawu a a Mukhova pa nyimbo, poti amuna athu kuno amangong'ung'udza. Ena anabweretsa soya m'timbale. Dokotala uja anavomera kuti tizilipira pang'onopang'ono, ndipo mankhwala akafika amawatumiza ndi wakabaza.

Ntchito yake ndi yotopetsa, Amayi. Aginesi amalawirira kumunda, ndiye ine ndimawoloka dambo m'mawa uliwonse ndisanagwire zanga. Ndimavala majumbo m'manja monga anatilangizira, kutsuka zilonda ndi madzi ofunda, piritsi kulibisa m'kausipa. Galuyo ndi wochenjera, masiku ena amadya usipa n'kulavula piritsi, ndiye timayambiranso. Tinawotcha masaka amene ankagonera, ndipo sitimulolanso kulowa m'chigafa. Sabata zoyamba panalibe kusintha kulikonse. Ndinkabwerera kunyumba ndikudzifunsa kuti ndataya chiliza cha amayi anga chifukwa cha chiyani. Ndikakumana ndi achimwene panjira amangoti "Mwadzuka?" maso ali kwina.

Kenaka zilonda zinayamba kuuma. Chifuwa chinachepa, timaubweya tinayamba kumera ngati udzu wa pamalo opsa. Diso lija ndiye linafa, dokotala akuti silidzaonanso. Akutinso tisasiye mankhwala mpaka mvula yoyamba, chifukwa chuku chimenechi chimabisala n'kudzabwerera. Choncho sitinamalize. Sindikudziwanso ngati eni esiteti adzawasunge anthuwa chaka chamawa, kapena adzawakweze lole kupita kwina, galu ali pakati pa mankhwala.

Lamulungu lapitali tili m'kati mwa nyimbo yoyamba kutchalitchi, ana okhala chakukhomo anayamba kutembenuka. Anali a Mukhova akulowa, atavala jekete lawo lofiirira lija, ataonda, akukoka miyendo. Tapirira anali patsogolo, mutu ataupendeketsa kuti aone njira ndi diso lotsalalo. Anawafikitsa pa benchi yawo n'kugona pamapazi awo. Potuluka ndinawafunsa kuti ayenda bwanji njira yonse ija. Anati, "Awirife tili ndi diso limodzi, mwanangu. Latikwanira." Achimwene anali chapafupi, anamva. Ndinawaona akukankha njinga yawo kuichotsa panjira kuti a Mukhova adutse.

Ine ndatopa, Amayi. Masiku ena ndimangofuna munthu woti andiuze kuti khala pansi, ndikuphikira. Manda anu ndinakasesa, ndinathirapo dothi pamene panatitimira. Chiliza chidikire mtedza wa chaka chamawa, mundikhululukire. Moni mupereke kwa abambo, muwauze kuti ngolo yawo ikuyendabe.

Ndikukulonjezani kuti Loweruka likubwerali ndipita kwa achimwene, ngakhale sanandiitane. Ndikanyamula mdzukulu wanu, ndipo sindikachoka pamkeka mpaka achimwene atandiyang'ana kumaso.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati